Kufatsa kwa Asiyatu

Lole yochokera ku Makanjira imaliza hutala kawiri ikamayandikira pa Lungwena. M'mawa wina ndinaimva ndikuyanika usipa wosadzaza n'chigoba choyezera chomwe, ndipo ndinangoti mumtima: sabata yamawa ndikwera. Anzanga onse anali atapita kale ku Joni. Makolo athu anamwalira tili aang'ono, ndipo ine ndi mlongo wanga Asiyatu tinaleredwa ndi anganga. Tonse awiri sitilankhulalankhula. Anthu ankati ana amasiye aja ndi ofatsa.

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata, koma ndinalibe woti n'kucheza naye zakwathu. Ndalama ndinkatumiza, mwezi wina zambiri, mwezi wina zochititsa manyazi. Chondilimbitsa mtima chinali mawu amene Asiyatu ankajambula pafoni ya mnzake: za kusukulu, za mbuzi yathu yakuba ija. Kenako mawuwo anayamba kufupika. "Tili bwino, achimwene." Basi.

Anganga ndiwo anandiuza pafoni. "Mlongo wako ali ndi pathupi. Mwini mimbayo wathawira komweko ku Joni, kaya mumakumana."

"Nanga iyeyo ali bwanji?"

"Aa, wakula ameneyo. Sayendayenda, salankhula, amangokhala pakhomo. Azimayi amene anamulangiza ku litiwo akumutama ulemu."

Litiwo ndi mwambo wa mtsikana wa mimba yoyamba, ndipo kutamidwa kumeneko si nkhani yaing'ono. Koma ine kukhala chete ndimakudziwa bwino. Kale Asiyatu ankakhala chete maso ali pa iwe, akumvetsera. Uku kunali kwina. Ndinatsanzika pantchito, ndinakwera basi.

Asiyatu ndinamupeza kuseri kwa nyumba, mbale ya chakudya ili pambali yosakhudzidwa. Mimba yokha ndiyo inkakula, thupi lonse litatha. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu anasiya. Anzake analetsedwa ndi makolo awo kubwera kwathu. Amalume anamukalipira pamaso pa anthu, osabweranso.

Sindinamupanikize ndi mafunso. Ndinkangokhala naye, tikutongola chimanga. Tsiku la sikelo ndinamunyamula panjinga.

"Mwini mimba ndi ameneyu?" anafunsa mayi wina pamzere.

"Ayi, ndi mlongo wake, wa ku Joni uja."

"Wa ku Joni, njinga yopanda buleki?"

Onse anaseka. Ndinaona milomo ya Asiyatu ikugwedezeka pang'ono ngati akufuna kumwetulira.

Namwino anamufunsa ngati amagona tulo, ngati amalira payekha. Asiyatu anayang'ana pansi, misozi ili mbwembwembwe. Namwino anati amenewa ndi matenda a maganizo, amagwira atsikana oyembekezera makamaka akasiyidwa okha, ndipo amachizika. Anati tizibwera.

Pobwerera ndinkapalasa ndikuganiza. Ndinapita kutali kuti pakhomo pasasowe kanthu, ndipo denga linalidi ndi malata atsopano. Anganga amamukonda mwanayu ndi mtima wonse. Komabe mwanayo ankatha thupi tsiku ndi tsiku pamaso pa anthu omutama, popanda womufunsa chimene chinkamudya.

Titafika Asiyatu analowa m'nyumba, natuluka ndi kanthu kokulungidwa m'kansalu. Anali mankhwala a makoswe.

"Ndinabisa kalekale," anatero motsitsa mawu. "Mukataye kutali, achimwene. Musandiuze kumene mwataya."

Anandifumbatitsa m'manja, natenga ndowa, n'kutsatira anganga ku mjigo.