Mango wa Mkamwini

Kwathu ku Itepela mkamwini sankabzala mtengo. Ubzaliranji pa nthaka ya eni, pomwe mawa akhoza kukupindira mphasa n'kukulozera njira? Amuna anga, amene anachokera ku Mandimba kudzandikwatira m'zaka za m'ma 1950, ankaudziwa bwino mwambo umenewu.

Mwana wathu wachiwiri atayamba kukwawa, maso a bambo ake anasanduka achikasu. Thupi linkawayabwa mpaka ankadzikanda ndi chitsononkho, khasu nalo linayamba kuwalemera. Asisitere a ku Massangulo anatitumiza kwa dokotala ku Cuamba. Iye anati tinjira ta ndulu m'chiwindi tachita zipsera n'kuchepa, ndipo matendawa sadzatheratu, azingobwera n'kumaleka.

Titabwerako, amalume, eni mbumba, anagamula kuti mwana wa eni abwerere kwawo, angatifere m'manja abale ake n'kutinena ufiti. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawafunsa ngati munthuyu sanali mwana wa eni muja ankawazulira zitsa m'munda wawo wa fodya. Amayi ananditsina, koma ine pakamwa panga palibe chitseko. Amalume anangoti dzinja likatha mkamwiniyo azipita.

Mvula itagwa, amuna anga anakumba kadzenje kuseri kwa nyumba n'kubzala mbande ya mango. Ndinachita mantha, moti ndinawakalipira nawonso kuti akuputa dala anthu amene atopa nawo kale.

"Ndikapita, anawa azidzadya," anatero akudzikanda pakhosi.

Mudzi wonse unaiona mbandeyo. Ena ankaseka, ena ankangotembenuza nkhope.

Kukolola kutayandikira, tsiku lina ndikuchokera kumadzi ndinaona amalume atagwada pa kamtengo paja. Ndinangoti basi, akuzula. Ndinatula mtsuko n'kuthamanga, mawu ali kale kukamwa. Kufika pafupi, ndinapeza akuzika timitengo mozungulira, kutchinga mbuzi.

"Chilimwe chikubwera, uwauze amuna akowo azithirira okha," anatero osandiyang'ana. "Ine sinditungira madzi mtengo wa munthu wina."

Ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira, iwo akumangirira luzi ngati sakundiona.

Za ulendo wa ku Mandimba palibe anazitchulanso. Chikasu chinkabwera n'kupita monga ananenera dokotala. Pena amuna anga ankalima, pena ankangokhala pakhonde n'kumaluka fodya, chitsononkho chili pambali. Kamtengo kaja kanakula mpaka kupitirira denga, ndipo mango oyamba amuna anga anathyola okha ndi dzanja lawo.