Mphunzitsi Wachibwibwi wa ku Nkomeshya

Inu amene munatsekedwapo pakamwa musanamalize kulankhula, sendezani mpando mumve za Tisauke.

Tsiku limene anachotsedwa sukulu, Tisauke anali ndi magazi pa yunifomu, ndipo magaziwo sanali ake. Anali mtsikana wa mu giredi 5 pa sukulu ina ya ku Bundabunda. Mayi ake anali atamwalira chaka chomwecho, bambo ake sanawadziwe n'komwe, ndipo ankasungidwa ndi azakhali ake, ba Olipa.

Tisauke anali ndi chibwibwi. M'mawa umenewo aphunzitsi anamuuza kuti aimirire awerenge. Anakakamira pa liwu loyamba, "ma-ma-ma", ndipo mnyamata wina kumbuyo anayamba kulira ngati mbuzi. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Tisauke sanalire. Anatola thabwa limene linazuka pa desiki n'kumumenya nalo mnyamatayo pamphuno.

Sikanali koyamba kumenya mnzake. Mu ofesi, ahedi anamufunsa chifukwa chake. Anatsegula pakamwa, koma palibe chimene chinatuluka.

"Mwaona?" ahedi anauza ba Olipa. "Olo kupepesa sakwanisa. Uyu mwana ni chinyama. Mutengeni, tavutika naye."

Ba Olipa sanatsutse. Mlungu wotsatira anamupatsa beseni la tomato n'kumutumiza kukagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka.

Kumsewu malonda amayenda ndi pakamwa. Minibasi ikaima, amayi amathamangira m'mawindo akukuwa mitengo ya katundu wawo. Tisauke ankathamanga nawo, koma ankangonyamula beseni m'mwamba ali duu. Wogula akafunsa mtengo, basi inkanyamuka yankho lisanatuluke.

Tsiku lina kondakitala wina anamuyeserera chibwibwi chake pamaso pa anthu onse a m'basi. Tisauke anaika beseni pansi n'kutola mwala. Asanaponye, dzanja lolimba linamugwira pamkono. Anali ba Ednah, mayi wogulitsa nthochi pafupi naye. Sanali munthu wofatsa ayi. Msewu wonse unkawadziwa kuti pa mkangano sagonja.

"Ika pansi uyo mwala," anatero ba Ednah. "Manje niuze. Wakalipa, olo wamvela nsoni?"

Tisauke anawayang'ana modabwa. Moyo wake wonse anthu ankamufunsa kuti wachitiranji zimenezi. Palibe amene anali atamufunsapo zimene zili mumtima mwake.

"Sinili mu changu," anapitiriza ba Ednah. "Basi yayenda kale. Kamba."

Zinatenga nthawi. Basi ina inaima, amayi ena anathamangira, koma ba Ednah sanasunthe ndi nthochi zawo.

"N-n-nsoni," Tisauke anatero pomaliza, kutanthauza manyazi.

"Ehe. Nsoni na ukali ni vinthu viwili. Ukavisakaniza, siku ina uzapaya munthu."

Kuyambira pamenepo ba Ednah sanamusiye. Akamuona wakunga nkhope, ankamufunsa funso lomwelo, ndipo ankadikira. Pang'onopang'ono Tisauke anayamba kusiyanitsa zimene poyamba zinkangomuwira pachifuwa ngati chinthu chimodzi. Nsanje inakhala ndi dzina lake, mantha ndi dzina lake. Tsiku limene anakwanitsa kunena kuti wawasowa mayi ake, analira mpaka tomato anagulitsidwa ndi ba Ednah. Anazindikira kuti chinthu akachitchula dzina, chibakera chimayamba kumasuka chokha.

Chibwibwi sichinathe. Chimene chinatha ndi kuchiopa.

Atakula ndithu, Tisauke anabwerera ku sukulu. M'mawa ankagulitsa, masana ankakhala m'kalasi ndi ana amene akanatha kuwabereka kumbuyo. Anthu ankamuseka kuti nkhalamba ikufuna chiyani pa desiki. Mayeso a giredi 12 analephera ulendo woyamba. Ba Olipa anamuuza kuti akwatiwe basi, asadzivutitse. Iye analembanso, ndipo anakhoza.

Nthawi imeneyo sukulu ina yomangidwa ndi makolo ku Nkomeshya inkasowa mphunzitsi wongodzipereka. Tisauke anapita. Wapampando wa komiti ya makolo, ba Greenwell, atangomumva akupereka moni, anapukusa mutu.

"Ticha wa chibwibwi? Bana bathu bazaphunzila chani, chibwibwi?"

"Ba-bazaphunzila kuyembekeza munthu asilize kukamba," anayankha Tisauke. "Na masamu futi."

Panalibe wina wofuna kupita kutali chotero, choncho anamutenga, ndipo anasamukira komweko.

Tsiku loyamba ana anamuseka, monga mmene ankayembekezera. Anaima kutsogolo mpaka kuseka kunazilala.

"Mwa-mwaniseka," anatero. "Namvela nsoni. Koma si-sinichoka."

Anawo anali asanamvepo munthu wamkulu akunena poyera kuti wachita manyazi.

Tisauke sanachedwe kuona kuti m'kalasimo munali ana ambiri onga mmene iye analili. Ena ankamenyana pa nthawi yopuma tsiku ndi tsiku. Ena ankangokhala phee kumbuyo, osayankha ngakhale zimene akuzidziwa. Choncho anayambitsa mwambo. M'mawa uliwonse, maphunziro asanayambe, ana ankakhala mozungulira panja. Ankapatsirana chitsononkho cha chimanga. Wogwira chitsononkho ndiye wolankhula, ena onse kudikira, ngakhale achedwe bwanji. Aliyense ankanena mmene mtima wake wadzukira.

Masiku oyamba onse ankangoti, "Bwino chabe." Tisauke analetsa mawu amenewo. Kenako zinayamba kutuluka. Wina anati ali ndi njala. Wina anati wakwiya chifukwa mkulu wake anamulanda sikono. Kamtsikana kena kanati kawasowa amayi ake amene anapita kukagwira ntchito ku famu ya ku Kasisi.

Awiri akamenyana, sankawakwapula. Ankawakhazika moyang'anizana. Mmodzi ankanena zimene mnzake wachita ndi mmene zamupwetekera, winayo n'kubwereza zimene wamva asanadziyankhire. Nthawi zina zinkatheka, nthawi zina ankadzukirananso pomwepo. Koma ndewu zinayamba kuchepa.

Mavuto anachokera kunyumba. Mwana wina anauza bambo ake kuti akamamukalipira pa anthu amachita manyazi. Bamboyo anati umenewo ndi mwano. Madandaulo anachuluka, ndipo komiti inaitanitsa msonkhano.

"Bana tibatuma kuno kuphunzila masamu na chizungu," anatero ba Greenwell, makolo akuwomba m'manja. "Osati kulila monga pa malilo. Ivi vozungulila muleke. Mukakana, njila ni iyo."

Tisauke anaimirira. Mawu anamukakamira nthawi yaitali, ena anayamba kung'ung'udza, koma sanakhale pansi.

"Masamu niphunzitsa, na-na imwe mudziwa. Koma mwana wamene ali na mantha, olo muike bolodi pa mphuno, saona. Nthawi ya sukulu ni yanu, nizamvela. Pa Chiwelu ni panga. Si-sinileka."

Ndipo sanaleke. Loweruka lililonse ankayala masaka pabwalo la kanyumba kake n'kudikira. Makolo ambiri analetsa ana awo. Masabata ena kunkabwera ana ochepa kwambiri moti chitsononkho chinkazungulira kangapo dzuwa lisanatenthe. Kutchalitchi amayi ena anasiya kukhala naye benchi imodzi. Iye ankayalabe masaka.

Pakati pa ana obwerawo panali Mwaanga, mtsikana wa mu giredi 6. Sankajomba, koma sankalankhulanso. Chitsononkho chikafika kwa iye, ankangochipereka kwa mnzake. Tisauke sanamukakamize.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo minda yambiri inapsa. Loweruka lina Mwaanga analandira chitsononkho, koma sanachipereke. Anachigwira ndi manja onse awiri, maso pansi. Anzake anadikira monga anaphunzirira.

"Niyopa," anatero motsitsa.

Kenako zonse zinatuluka. Bambo ake, ba Dingani, anali atagwirizana ndi wachibale wina kuti Mwaanga apite ku Lusaka kukalera mwana. Ankayenera kunyamuka mwezi usanathe, ndipo za sukulu kumeneko sizinatchulidwe.

Ana ena atapita, Tisauke anamufunsa, "Ufuna ni-nikakambe nabo ine?"

Mwaanga anaganiza pang'ono. "Iyayi, ba Madamu. Nizakamba neka. Koma munipelekeze."

Anawapeza ba Dingani masana akukonza gudumu la ngolo pansi pa mtengo. Atapatsana moni, Mwaanga anagwada chapatali pang'ono. Kenako analankhula momveka.

"Atate, sinikana kuthandiza panyumba. Koma niyopa kuyenda ku Lusaka. Nifuna sukulu. Mukanituma, mu mtima mwanga nizaona monga simunifuna."

Ba Dingani anaponya sipanala pansi n'kutembenukira kwa Tisauke.

"Ndimwe mwamuphunzitsa uyu mwano!"

"Ndine na-namuphunzitsa kukamba," anayankha Tisauke, osabwerera m'mbuyo. "Koma mawu ni yake. Wagwada, sanatukane. Muyankheni mwana wanu, osati ine."

Mwaanga anakhalabe chogwada, misozi ikutsika, koma sanathawe. Ba Dingani anamuyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa mpini wa ngolo.

"Nenze kuganiza kuti uzakondwela, ku tauni," anatero. "Sunakambepo." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Kukufuna nikufuna, mwana wanga. Ni njala. Nikayang'ana mu nkhokwe, naine niyopa."

Sanalonjeze kanthu tsiku limenelo. Tisauke anabwerera kwawo osadziwa kuti zitha bwanji. Koma Lolemba Mwaanga anali pa desiki yake. Mwezi unatha, sananyamuke. Bambo ake anauza wachibale uja kuti afune wina, ndipo Mwaanga ankati akaweruka ankawathandiza kuthirira repu kudimba kuti banja lipeze podyera. Chaka chinali chowawa, koma anachidutsa ali pamodzi.

Ba Dingani eniake ndiwo anayamba kufotokozera anzawo nkhaniyi. Pa msonkhano wotsatira wa makolo anaimirira n'kunena kuti mwana wawo anakhala naye zaka zonsezi, koma anamumva koyamba pansi pa mtengo uja. Makolo ambiri anakweza manja kuti mwambo wa m'mawa ubwerere. Ba Greenwell sanakweze. Mpaka lero amati ndi kutaya nthawi, ndipo Tisauke amawapatsa moni mwaulemu n'kupitiriza ntchito yake.

Masiku ano aphunzitsi a masukulu oyandikana nawo amabwera kudzaona mmene amachitira. Amakhala nawo pansi pamodzi ndi ana, ndipo akafuna kulankhula amadikira nthawi yawo ngati wina aliyense. Mwaanga ali ku sekondale. Tisauke akuphunzira za uphunzitsi pa nthawi ya tchuthi kuti akhale ndi mapepala, ndipo akamayankha m'kalasi anzake amamudikira.

Tsono inu owerenga, mwina kwanu kuli mwana amene amangomenya anzake, kapena amene amangokhala chete pakona. Musafulumire kumuweruza. Khalani naye pansi, mufunseni zimene zili mumtima, mupatseni mawu ngati akumusowa, ndipo mudikireni amalize. Akakusekani anthu kuti mukuwononga mwana, asiyeni aseke.

Ndipo ngati ndinu amene lilime limakulemerani, lankhulanibe. Mawu ochedwa ndi mawu ndithu. Mtima wanu musautaye, ndipo pakamwa panu musalole munthu apatseke.