Funso la Tsiku Lotsegulira Sukulu

"Mphunzitsi akamafunsa za kunyumba uku akumwetulira, uzingoyang'ana pansi." Amayi anandichenjeza choncho, koma mochedwa.

Dzulo sukulu inatsegulira kuno ku Lucan, kutsidya kwa nyanja. Mdzukulu wanga Tadala akuti aphunzitsi anawakhazika pakapeti kuti azolowerenso kalasi, aliyense n'kumatchula amene anabwera kwawo pa Khirisimasi.

"Nanga iwe wanena chiyani?"

Anayankha m'Chingerezi chakecho kuti zonse, agogo.

Ifenso tili ana kumudzi, aphunzitsi anatifunsa zomwezo titangochokera kuholide, m'kalasi mukununkhira fumbi lowazidwa madzi. Ine ndinaimika chala msangamsanga, n'kunena kuti amalume akugona m'nkhokwe mwathu, ndipo amayi amawapititsira chakudya m'dengu. Ndinkayesa akusewera chibisalirano. Aphunzitsi anandipatsa choko chathunthu, ndinachinyambita njira yonse. Patapita masiku awiri kunabwera anthu a chipani, amene amalumewo anakana khadi lawo. Analunjika kunkhokwe osafunsa munthu. Amalume sitinawaonenso.

Mayi ake a Tadala akuti kuno n'kwina, palibe amene amalemba zonena za ana. Kaya. Ine makatani sindinatsegule chiyambire dzulo. Mukamadutsa mudzandizonde, koma mutchule kaye dzina musanagogode.