Timfundo ta Agogo NaPhiri

Agogo anga a NaPhiri akandibwerera m'mutu, chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wouma lomwe linkakakamira m'duku lawo ngakhale alichape ndi sopo wanji, kenako utsi wa m'mabalani ukutsikira pa komboni yathu ya kufupi ndi Karoi ku Zimbabwe, ndi kulira kwa simbi, chitsulo chomwe ankamenya potulutsa anthu ku ntchito masana a Loweruka. Tinkakhala awiri basi. Agogo ankasankha fodya ku shedi, ndipo nyumba yomwe tinkagonamo inali ya pafamu: ntchito ikatha, denganso latha.

Chomwe ankadziwika nacho komboni yonse chinali kupeta nsalu, maluwa a timfundo ting'onoting'ono tothinana ngati mapira. Ine ankandikaniza ngakhale kukhudza singano. Koma ndili giredi faifi anandiitana okha.

"Iwe Esnati, samba m'manja ukhale apa. Tulutsa singano, ukulunge ulusi kawiri. Kawiri, osati katatu, suli kumanga mbuzi! Gwira ulusi ndi dzanja linali, usautaye. Tsopano baya pambali pa bowo lomwe watulukira."

Ine n'kubaya pa bowo lomwelo, kamfundo n'kupitirira kunsi, psiti! Tina tinkatuluka tolendewera ngati mamina. Agogo sankayang'ana n'komwe; ankangoyendetsa chala chachikulu pansalupo n'kunena kuti, "Aka n'kaulesi, masula." Ndinalira kangapo, sindibisa. Patatha masabata atatu timfundo tanga tinayamba kukhala tolimba, tofanana, ndipo ndinayamba kudzimva.

Tsiku lina agogo anati, "Pamasamba ikapo wobiriwirayu," akundipatsa ulusi wofiira kuti psuu. Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Tseka chitseko," anatero. "Maso anga achita chifunga, mwanawe. Ku shedi ndimamva tsamba ndi zala, mtundu wake amandinong'oneza a Mai Tendai amene timakhala benchi limodzi. Foromani wayamba kuima kumbuyo kwanga. Tsono mkazi wake wandipatsa nsalu ya patebulo kuti ndimupetere. Ukuganiza kuti akufuna maluwa? Akufuna aone ngati ndikuona."

Mantha anandigwira. Kumudzi ku Dedza kumene agogo ankakutchula tsiku ndi tsiku, palibe amene ankatidziwa. Tikanapita kuti?

Nsaluyo ndinaipeta ine, chitseko chotseka, ndikaweruka kusukulu. Mitundu ndinkasankha ine, kulimba kwa mfundo ankaweruza iwo, ndipo sankandimvera chisoni ngakhale pang'ono. Duwa limodzi ndinalimasula kanayi.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi agogo anaiyanika pamaso pa anthu onse. Mkazi wa foromani anaitembenuza kuti aone kumbuyo, sanapeze ulusi wolendewera ngakhale umodzi.

"Maiwe, mbuya, maso anu akadali a mtsikana!"

"Mulungu ndiye amasunga," anayankha agogo, nkhope ili gwa, pakhomo pa tchalitchi penipeni! Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaphulike ndi kuseka.

Foromani anasiya kuima kumbuyo kwawo. Tinakhala m'nyumba ija mpaka ndinalemba mayeso a giredi seveni, a malume a ku Marondera n'kuvomera kutitenga. Mawa lake agogo anandiuza kuti ndiwagwire dzanja, tinapita ku shedi, iwo eni n'kumuuza foromani kuti, "Bambo, ikanipo wina pa benchi langa. Ine sindiona, ndipo ndi kalekale."

Lero ndili ndi tebulo langa losokerapo ku Marondera, ndipo pa timfundo palibe amene amandiposa, ndikunena ndikudziwa. Makasitomala akandifunsa kuti ndinaphunzira sukulu iti, ndimawauza zoona: anandiphunzitsa mayi wosaona, ndipo nsalu yanga yoyamba inali bodza. Machimo ena ndinalapa, koma limeneli ayi.