Tsiku Limene Tinapatuka ndi Mipando

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili pa sekondale ina ku Croydon, ndipo ahedi anali atandichenjeza kale kuti ndikapalamulanso ndipita osabwerera. Ndinkakhala ndi amalume, amene analumbira kuti ndikachotsedwa sukulu andikweza ndege kubwerera ku Zimbabwe.

Tsiku limenelo aphunzitsi a mbiri yakale, mayi wachizungu wofatsa, ankatifotokozera za nkhondo yapachiweniweni ya ku Amereka. Anati zigawo za kummwera zinkalemera ndi thonje lolimidwa ndi akapolo, pamene za kumpoto zinkakana kuti ukapolo ufalikire. Atasankhidwa mtsogoleri wa maganizo a kumpoto, a kummwera anangoti basi, ife tapatuka, ndipo magazi anakhetsedwa. Anatigawa pawiri kuti tichite mtsutso. Ine ndinagwera kummwera.

"Nanga akapolo akhala ndani?" anafunsa Kemi, mtsikana wa ku Nigeria.

Aphunzitsi anafiira nkhope. "Palibe mwana amene akhale kapolo muno. Tingoyerekeza kuti akapolo ndi mipando yopanda anthu iyo."

Apa mpamene kamdierekezi kanga kanandinong'oneza. Iwo atangotuluka kukatenga mapu, ndinakwera patebulo.

"Anyamata, tikutayiranji malovu? Mipando ndi yathu, tipatuke nayo!"

Tinaikoka ikulira pansi mpaka panja pa kalasi, n'kuiunjika ngati linga. A kumpoto, motsogozedwa ndi Danny, chimphona cha timu ya mpira, anatilondola akukuwa kuti tibweze. Poyamba tinkakokana tikuseka. Kenako chigongono cha wina chinapeza mphuno ya mnzake, magazi pamalaya, miyendo ya mipando thyoo! Nkhope imene aphunzitsi anabwera nayo, mapu ali m'manja, mpaka lero ndikaikumbukira nthiti zimandipweteka ndi kuseka.

Amalume anaitanidwa. Anafika atavala yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Anamvetsera zonse, napepesa chipewa chili m'manja, mpaka ahedi anangondiimitsa masiku angapo. Potuluka tinadutsa mipando yothyokayo itaunjikidwa pafupi ndi mabini. Amalume anaima n'kuiyang'anitsitsa.

Pobwerera kunyumba mu tiramu, kasitima ka m'tauni, ndinkadikira nkhani ya ndege. Mawindo anali atachita nthunzi, kunja kukuwaza mvula.

"Iwe, nkhondo yanuyo anapambana ndani?" anandifunsa.

"Palibe, amalume. Inathera ku ofesi."

"Nanga mipando munaifunsa kumene ikufuna kupita?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Anandiuza za bambo awo, agogo anga, amene ali mnyamata anathawa thangata ku Thyolo, ntchito yaulere yolipirira malo okhala, n'kukalima fodya pa famu ya mzungu ku Zimbabwe moyo wawo wonse. Anthu atabwera kudzalanda famuyo, mzungu ankati malo ndi ake, olandawo ankati ndi awo, ndipo mbali zonse zinkatchula antchito pokangana. Koma agogo, pokhala obwera, palibe amene anawafunsa kanthu. Anawatulutsa m'komboni ndi bulangeti lokha. Anamwalira m'chisakasa cha pulasitiki m'mphepete mwa msewu. Ine ndinkangodziwa kuti anadwala chifuwa.

Titatsika, amalume anakweza kolala ya jekete.

"Sindikubweza," anatero. "Ndinkangokuopseza. Kulibe kokubwezera."

Kunena zoona, mipando ija sindinaidandaule, ndipo a mafomu apansi amasimbabe nkhaniyi ngati nthano. Atandipatsanso kalasi lomwelo ndikhoza kubwereza. Koma ndinadziwa tsiku limenelo kuti anthu akhoza kumenyana mpaka kuphana chifukwa cha iwe, onse akukutchula dzina, popanda ndi mmodzi yemwe wokufunsa kumene ukufuna kupita. Ndipo ndewu ikatha, omenyanawo amapukuta magazi n'kupita kwawo. Wothyoka miyendo ndi amene amatsala panja.