Florida ndi Mtanda Wopindira Malata

Florida Kamanga anabadwira ku komboni ya Zengeza 2, m'dziko la eni, mwana wa mmisiri wa njerwa wochokera ku Dedza. Anakwatiwa ndi Fabiano, wopinda malata ku komboni ya Unit O, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yake inali kujambula mizere pamalata, mwamuna n'kumapinda. Makina awo anali akalekale, a mtanda wachitsulo wautali ngati chitseko chogoneka. Kuti lata lipindike, munthu ankaukweza mtandawo ndi manja, mano ali gwa.

Dola ya ku America itayamba kuyenda m'dzikomo, anthu anayambiranso kumanga, ndipo aliyense ankafuna magata olandira madzi a padenga. Ndiye pomwe msana wa Fabiano unakana. Florida anayesa kukweza yekha mtandawo, koma unangogwedezeka pang'ono n'kubwerera pansi.

Tsiku lina ali m'basi anamva mabuleki akupuma kuti psii, galimoto yonseyo n'kuima. Anatsika asanafike kwawo, napita kwa Hector, mng'ono wake wa Fabiano, makaniko wa mabasi.

"Alamu, mpweya umene umaimitsa basi ungalephere kunyamula chitsulo changa?"

"Kunyamula unganyamule," anatero Hector. "Koma mpweya ulibe ulemu, maiguru, akazi a achimwene. Umakankha ngati bulu."

Anamangirira masilinda awiri akale a mabuleki a basi kumapeto a mtanda, nalumikiza mapaipi ku kompuresa yopopera penti. Poyesa koyamba, Hector atatsegula valavu ya mpweya, mtanda unalumpha n'kumenya chitsulo cham'mwamba, shedi yonse n'kunjenjemera. Lata linang'ambika. Hector anaseka kuti zatheka.

Florida sanaseke. Anayang'ana pamene dzanja lake limakhala akamagwira lata.

"Zimitsani. Ichi sindichigwira mpaka chiphunzire kuyenda ngati nkhalamba."

Anamuvutitsa mlamu wakeyo mwezi wathunthu. Hector anachepetsa njira ya mpweya mpaka mtanda unayamba kukwera mwakachetechete. Kenako Florida anafuna zogwirira ziwiri zotalikirana, zoti makina asayende pokhapokha manja onse awiri ali pomwepo, kutali ndi popanira. Hector anadandaula kuti ntchito izichedwa.

"Zala zanga ndilibe zina zosinthira," anayankha Florida.

Anafunsanso kuti paipi itaphulika mtanda uli m'mwamba chingachitike n'chiyani. Hector anakanda mutu, nabwera ndi kavalavu kotsekera mpweya m'masilinda. Pofuna kuona ndi maso, Florida anakweza mtanda, nauza onse kuti aime panja, nazula paipi dala. Mpweya unalira, fumbi linabuka, koma mtanda unangoti njo pomwepo.

Kuyambira pamenepo Florida ndiye ankapinda, Fabiano atakhala pampando akujambula mizere. Madzulo aliwonse asanatseke shedi ankatsitsa mtanda, n'kutulutsa mpweya wonse ndi madzi a m'thanki ya kompuresa, ngakhale kasitomala atamuimirira pakhomo.

Amisiri ena a m'dera la Seke anayamba kubwera kudzaonera. Florida sankabisa kanthu. Mmodzi, Mackson, atapanga makina ake anamuitana kuti adzaone. Florida anapeza chogwirira chimodzi atachimanga ndi waya kuti dzanja lina lizikhala lomasuka. Sanakalipe. Anapempha pulayala, nadula wayayo, naika m'thumba la epuloni yake.

"Bambo Mackson, tiyi uja munanena ali kuti?"