Chitseko chimene amayi anakana

Amayi anga ndi amuna anga sanakhalepo pamphasa imodzi. Chikwatiranireni ife, akakumana panjira amayi ankapatuka, n'kunjuta chapatali nkhope ili kumbali, moni n'kumachita kuponyerana. Kwathu ku Dowa mkamwini ndi apongozi ake aakazi amakhala choncho: sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo wina salowa m'nyumba imene mnzake amagona. Anthu a kunja amayesa ndi udani, koma kwa ife ndi ulemu. Amuna anga ndi a ku Rumphi, ndipo poyamba zinkawadabwitsa. Kenaka anazolowera, paja wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Zonsezi sizinkativuta amayi ali kumudzi ife tili ku Lilongwe. Vuto linabwera ndi shuga. Bambo anga anali atamwalira, amayi ankakhala okha, miyendo inayamba kutupa, ndipo mwezi ndi mwezi ankafunika kuonana ndi dokotala m'tauni muno. Akabwera ankafikira kwa msuweni wanga ku Kawale, kumagona pabalaza, kusiya nyumba ya mwana wawo. Tsiku lina dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti munthu wotereyu sayenera kukhala yekha.

Nyumba yathu ku Area 47 ndi ya masiku onse: zipinda zitatu, kolido imodzi, bafa kumapeto kwake. Nditawauza amayi kuti chipinda china chili chabe, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Ndizikakumana ndi abambo pakolido atavala thawulo? Iwe, mutu ukuyenda bwino?"

Abambo amene ankanenawo ndi amuna anga. Kuseri kuli boyizi kota, koma imeneyo anakana ndi amuna anga. Anati apongozi awo sangagone m'kachipinda kogundana ndi mpanda, chimbudzi chili panja, ngati wantchito. Motero tinagwirizana zowonjezera nyumba.

Wojambula mapulani amene tinamupeza anali munthu wokonda magalasi. Ankafuna denga lobisika, mawindo oyambira pansi mpaka pamwamba, ndi khomo lochita kukoka chammbali. Ndinamulola zambiri, chifukwa nanenso ndinali nditatopa ndi nyumba yooneka ngati ya aphunzitsi. Chimene ndinalimbikira n'chimodzi: amayi akhale ndi chipinda, bafa ndi chimbudzi chawo, kakhitchini, ndi khomo lawolawo loyang'ana kudimba. Khoma logundana ndi nyumba yathu likhale khoma basi, lopanda ndi kabowo komwe.

Chithunzi cha pulaniyo ndinapita nacho kumudzi pafoni. Magalasi aja amayi sanawaone n'komwe. Anafunsa kumene azidzalowera, ndinawaloza. Anafunsa ngati uku kuli nyumba yathu n'kotseka, ndinavomera.

"Ndiye ndibwera," anatero.

Anzanga a kuntchito anandiseka atamva kuti tikukapempha chilolezo chomangira. Ankati mpanda wathu ndi wautali, tingomanga, ndani angaone. Koma amuna anga ndi munthu amene amawerenga ndi kapepala ka m'botolo la mankhwala komwe, ndipo inenso ndinali nditaonapo makoma a anthu atalembedwa penti yofiira kuti agwetsedwe. Mapulani tinakawapereka ku ofesi yoona za zomangamanga ku City Centre. Kuyambira pamenepo ndinaidziwa bwino benchi ya pakhomo pawo. Ndinkapita nthawi ya nkhomaliro, n'kuuzidwa kuti komiti sinakhale, kapena yakhala koma sinafike pa ife. Palibe anandichitira mwano. Kunali kudikira chabe, pamodzi ndi anthu ena onyamula mapepala okulungiza ngati anga.

Yankho litatuluka, anandilowetsa kwa bambo wina wofatsa, wa magalasi a m'maso. Anatambasula pulani yathu patebulo n'kuika chala pakhoma lija.

"Madamu, iyi si ekisitenshoni. Iyi ndi nyumba yachiwiri."

"Yachiwiri bwanji, bwana, poti yagundana ndi yoyambayo?"

"Kugundana si nkhani. Khomo lakelake, bafa yakeyake, khitchini yakeyake, polowera m'nyumba yaikulu palibe. Boyizi kota muli nayo kale. Pulotiyi ndi ya banja limodzi. Anthu amajambulitsa chonchi n'kumati ndi chipinda cha alendo, mawa lake muli alendi."

Ndinawafotokozera za amayi, za shuga, ndi za chikamwini. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati iwo ndi a ku Ntchisi, ndipo apongozi awo akabwera, iwo amadyera m'galimoto.

"Ine ndamva, madamu. Koma komiti siona apongozi, imaona pulani. Ikani chitseko apa, chimodzi basi. Chikakhalapo, ichi ndi chipinda cha nyumba yanu."

Ndinatuluka nditakwiya, ndipo chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti panalibe womukwiyira. Munthuyo ananena zoona. Pamsewu wathu womwewo panali nyumba zimene zinabereka tinyumba kuseri mpaka pobzala ndiwo kusowa.

Amayi ndinakawauza pamaso. Anamvetsera akusenda mtedza, osadzutsa mutu.

"Chitseko cholowa kwa abambo?"

"Chizikhala chokhoma, amayi."

"Chokhoma ndi chitseko ndithu. Ndiye kuti ndikugona m'nyumba mwawo. Basi, ndikhala konkuno."

Ndimawadziwa amayi anga. Akati basi, ndi basi. Mvula inayamba, msewu wa kumudzi unaipa, ndipo ulendo wina wa kuchipatala anaujomba. Pachala cha kuphazi panatuluka kachilonda kosapola. Ndinkachita mantha, ndipo mantha anga amatulukira m'kamwa. Wojambula uja anati tijambule chitsekocho papepala koma pomanga tisachiike. Ine ndinavomera nthawi yomweyo. Amuna anga anakana, ati oyendera nyumba adzabwera, komanso iwo sasaina bodza. Ndinawauza kuti chilungamo chawocho akadzachinyamule pamaliro a amayi anga. Anangotenga makiyi a galimoto n'kutuluka.

Anabwerako madzulo, matope a m'tauni ali kunsapato. Anali atapita kwa kalipentala wina wachisilamu wa ku Old Town, amene anatipangirapo mipando kale.

"Kodi ku ofesi kuja anakuuzani kuti chitsekocho chizitsegulidwa?" anandifunsa.

"Anati chikhalepo."

"Ndiye chikhalepo. Mukawafunse amayi ngati angalole kabati ya zovala kutsogolo kwake. Ndauza kale akalipentala."

Nkhaniyo ndinakawafotokozera amayi kumudzi. Anafunsa ngati kabatiyo ili ndi msana wa thabwa kapena wa kabodi. Ndinati wa thabwa. Anafunsa ngati italike kuposa chitsekocho. Ndinati italika. Anati adzaona ikadzabwera, ndipo kwa amayi anga kumeneko ndiko kuvomera.

Pulani yatsopano inadutsa osavuta. Kusiyana kwake ndi yoyamba kunali kamzere kamodzi kokhota pakhoma. Anatidindira, tinamanga. Woyendera nyumba atabwera anatsegula chitseko chapakaticho, analowa, anatuluka, n'kulemba zake. Mawa lake kabati inafika palole, yamlombwa, ya galasi lalitali pakati, yolemera moti amuna anayi anachita kupumira panjira. Anaikankhira pachitseko paja, mbali ya amayi. Mbali yathu amuna anga anakhoma n'kupachika kiyi pamsomali.

Amayi anasamuka mvula itatha. Mawindo aakulu aja anawaphimba ndi zitenje tsiku loyamba lomwe, ati sangakhale ngati katundu wa m'sitolo. Chakudya ndinkachita kuzungulira nacho panja, ngakhale kukuzizira. Iwo ndi mkamwini wawo ankapatsana moni wina ali pakhonde wina ali pagalimoto, aliyense akuyang'ana maluwa. Khomo lawo amayi ankalitseka ndi mpiringidzo m'kati usana ndi usiku, poti anamva kuti m'tauni muli akuba. Chilonda chija chinapola, ndipo ine ndinayamba kugona tulo.

Loweruka lina m'mawa ndinapita ku chinkhoswe cha mwana wa mnzanga. Zimene zinachitika kunyumba ndinachita kumva kwa amuna anga, ndipo iwo safotokoza nkhani mokometsera. Akudutsa pakolido anamva chinthu chikugwa kuseri kwa khoma, kenaka mawu ngati munthu akubuula. Anathamangira panja, anapeza khomo n'lopiringidza, mawindo ali ndi zitsulo. Anaitana, osayankhidwa. Anabwerera m'nyumba n'kutenga kiyi pamsomali paja.

Akuti atatsegula anaima kaye kumbuyo kwa kabati ija n'kunena kuti, "Odi." Mpaka lero ndikaganiza zimenezi sindidziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Kenaka anaikankha ndi phewa. Inakana, inasuntha pang'ono, mapeto ake inagwera pabedi, galasi lija n'kusweka.

Amayi anali pansi pakhomo la bafa, ali ndi chitenje chokha. Shuga anali atatsika. Maso anali otsegula, ndipo ataona amene walowa anakweza dzanja n'kudziphimba kumaso. Amuna anga anawafunditsa bulangete, anawanyamula m'manja, n'kudutsa nawo pachitseko chomwecho, pakolido pomwe paja, mpaka kugalimoto.

Ndinawapeza kuchipatala amayi ali pa diripi, amuna anga ataima kumiyendo kwa bedi akuwerenga chikwangwani cha pakhoma. Adokotala anati akanachedwa nawo tikanakamba zina. Amayi atapeza mphamvu anandikodola.

"Uwauze abambo kuti andiswera galasi."

Abambowo anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pabedi.

"Muwauze amayi kuti ndigula lina," anandiyankha ine.

Atatuluka m'chipatala ndinaitana anthu oti adzutse kabati ija n'kuibwezera pamalo pake. Atayamba kuikankhira kuchitseko, amayi anawaimitsa ali pampando. Analoza khoma lina. Anthu aja anandiyang'ana, ine ndinayang'ana amayi, koma iwo anali otanganidwa kufunafuna m'chikwama. Anatulutsa chitenje chawo cha kumpingo, chimene sankalola munthu kuchigwira.

"Upachike apo. Kiyiyo umuchotse, asakhomenso. Nsaluyi ikwana."

Pulani yodindidwa ija ili m'dirowa, ndipo nyumba yathu tsopano ikufanana nayo ndendende. Galasi latsopano linagulidwa. Chakudya sindizunguliranso nacho panja. Amayi sanapondebe pakolido yathu ndi mapazi awo, ndipo awiriwa sanayang'ananebe m'maso. Koma m'mawa uliwonse, asananyamuke kupita kuntchito, amuna anga amaima kuseri kwa chitenje chija, chikwama chili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Sasuntha mpaka atamva mawu. Amayi akachedwa kuyankha amafunsanso, mokweza pang'ono, dzanja lili kale pansaluyo. Ine ndimakhala kukhitchini, ndipo nanenso ndimasiya zimene ndikuchita mpaka yankho litabwera.